TISAMALE MAWONDO NDI MAPEWA A ANA ATHU: PHUNZIRO LA KU NGARA

Munthu amene wayendapo pa msewu wa M1 kuchokera ku Chilumba kulowera ku boma la Karonga sangaiwale Ngara. Kusanache kwenikweni, mabwato amakhala akukocheza pa doko, nyali za usiku zitazimitsidwa, ndipo amayi ndi amalonda amakhala ataima m'mbali mwa madzi kudikira usipa. Dzuwa likamakwera nsombazo zimayanikidwa pa mathandala, fungo lake nkumafika mpaka ku msewu. Likapendeka, anyamata omwe aja amene anachezera kupalasa ndi kukoka chilimira amasonkhana pa bwalo kukankha chikopa, pamene atsikana, ataweruka ku sukulu, akuponyerana mpira wamanja.

Zimenezi nzokondweretsa, ndipo ife sitidzaleka kulimbikitsa masewero pakati pa achinyamata, pakuti masewero amalimbitsa thupi, amaphunzitsa mwambo ndiponso amagwirizanitsa midzi. Koma lero tifuna kukamba za chinthu chimene ambiri amachiona ngati chaching'ono, ndicho kuvulala kwa bondo ndi phewa. Kwa munthu wa mu ofesi, phewa lopweteka ndi chovuta cha masiku ochepa. Kwa mnyamata wa ku Ngara, phewa ndiye nkhafi, bondo ndiye khasu. Ziwalo ziwirizi zikawonongeka, banja lonse limagona ndi njala.

Mlembi wa nkhani ino, amene adagwirako choko asanayambe ntchito yolemba nkhani, adaona ndi maso ake zimene zidachitika pa bwalo lina m'dera limeneli masana a Loweruka lina. Goloboyi wa zaka ngati 17 adalumpha kuti aphe mpira, nagwa mkono uli m'mwamba. Phewa lidaguluka pomwepo. Anthu adathamangirako ndi mtima wabwino. Wina adagwira thupi, wina adaponda phazi m'khwapa, ena awiri nkumakoka mkono, mnyamata akulira. Fupa litabwerera m'malo, bwalo lonse lidaomba m'manja, ndipo mwanayo adauzidwa kuti alimbe mtima ngati mwamuna, abwerere pa golo. Patapita chaka tidakumana nayenso pa doko. Adatiuza kuti phewa lija linali litagulukanso kangapo, tsiku lina ali pakati pa nyanja atangokweza nkhafi. Eni mabwato adaleka kumutenga. Tidamupeza atakhala pa mchenga akusoka maukonde a anzake.

Palibe amene adamufunira zoipa mnyamata uja. Chidamupweteka ndi kusadziwa kwa ife akuluakulu. Nchifukwa chake tikulembera makamaka aphunzitsi ndi akuluakulu a maofesi a boma, amene mawu awo amamveka m'midzi.

Mmene bondo lidapangidwira

Bondo ndi pamene pamakumana fupa la ntchafu ndi fupa lalikulu la msongolo, ndipo kutsogolo kwake kuli kafupa kozungulira kotchinjiriza. Mafupawa amangidwa pamodzi ndi mitsempha ikuluikulu inayi: iwiri ili m'mbali, iwiri ili m'kati yopingasana. Pakati pa mafupa awiriwo pali tinthu tiwiri tofewa koma tolimba, timene ntchito yake ifanana ndi ya nkhata imene mayi amaika pa mutu posenza mtsuko. Timalandira kulemera kwa thupi kuti mafupa asakhulane.

Mwa mitsempha iwiri yopingasana ija, wakutsogolo, umene madokotala amautcha ACL, ndi umene umavutitsa osewera pa dziko lonse. Chodabwitsa nchakuti nthawi zambiri umaduka popanda wina kumukhudza wosewerayo. Zimachitika munthu akatera moipa atalumpha, kapena akatembenuka mwadzidzidzi phazi litakanirira pansi. Wovulalayo amamva ngati china chaphulika m'kati, ndipo pasanathe maola ochepa bondo limatupa chifukwa magazi adzazamo. Kutupa kukaphwa, munthu amayenda ndithu, koma akati akhote kapena atsike pa mtunda, bondo limagonja mosayembekezeka.

Aphunzitsi a mpira wamanja amvetse bwino mfundo iyi. Malamulo a masewerowa salola wosewera kuyenda ndi mpira, motero mtsikana amene akuthamanga ayenera kuima nthawi yomweyo akaulandira. Kuima kotereku kumaika mphamvu yaikulu pa bondo. Ndiponso akatswiri a zaumoyo adapeza kuti atsikana ndi amayi amaduka mtsempha umenewu kawiri kapena kuposerapo poyerekeza ndi amuna ochita masewero ofanana.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasokeretsa anthu. Choyamba, mtsempha umenewu ukadukiratu kawirikawiri sulumikizana wokha monga momwe fupa lichitira. Chachiwiri, makina a ekisire amaonetsa mafupa, saonetsa mitsempha. Choncho mawu oti "palibe chathyoka" satanthauza kuti palibe chawonongeka. Ena amakhala bwinobwino akalimbitsa minofu ya ntchafu ndi mafizo. Koma wofuna kubwerera ku masewero okhotakhota nthawi zambiri amafunika opaleshoni yoikapo mtsempha wina, kenaka miyezi 9 mpaka 12 ya mafizo. Bondo likamangogonja chaka ndi chaka, nkhata zija zimang'ambika, ndipo munthu amayamba kudwala nyamakazi ya bondo asanafike pa ukalamba.

Za ana aang'ono pali chenjezo lapadera. Mafupa a mwana amene akukula ali ndi malo ofewa kumapeto kwake, ndipo mpamene fupa limatalikira. Chimene chioneka ngati kubinya chabe chikhoza kukhala kuthyoka kwa malo amenewa, ndipo pakapanda chithandizo mwendo umakula mokhota kapena umafupika. Komanso bondo la mwana likatupa, nkumatentha, mwanayo akutentha thupi ndi kukana kuponda, tisathamangire kunena kuti adagwa ku mpira. M'katimo mukhoza kukhala mafinya, amene amawononga bondo m'masiku ochepa okha. Mwana wotere apite ku chipatala tsiku lomwelo. Bondo lotupa pang'onopang'ono kwa miyezi liyeneranso kupimidwa, pakuti chifuwa chachikulu chimagwiranso mafupa.

Phewa, chiwalo chomasuka koma chosalimba

Fupa la ntchafu limalowa m'chiuno monga munsi mu mtondo, nchifukwa chake siliguluka wamba. Phewa ndi losiyana. Mutu wa fupa la mkono wangokhala pa kambale kosaya, ndipo chimene chaugwira ndi mitsempha pamodzi ndi minofu inayi youzungulira. Ichi ndicho chimatipatsa ufulu wozunguza mkono mbali zonse, koma ndi chomwecho chimene chimachititsa kuti phewa likhale loguluka kawirikawiri kuposa mfundo zina zonse zikuluzikulu za thupi. Pa mapewa khumi oguluka, asanu ndi anayi kapena kuposerapo amagulukira kutsogolo, makamaka munthu akagwa mkono uli m'mwamba ndi kumbuyo, monga muja adagwera goloboyi wathu.

Kubwezera phewa m'malo si ntchito ya mphamvu ayi, ndi ntchito ya luso. Nthawi zina fupa limakhala litathyokanso, ndipo wokoka mwachisawawa amangoonjezera vuto. Pafupi pomwepo pamadutsa mtsempha umene umathandiza munthu kukweza mkono, ndipo ukaphwanyika mkono umafooka. Ku chipatala amayamba apima, amapereka mankhwala oletsa ululu ndi ofewetsa minofu, amabwezera fupa mwaulemu, nkukoleka mkono pa nsalu, pambuyo pake nkuphunzitsa mafizo. Achinyamata osakwana zaka 20 ndi amene ali pa chiopsezo chachikulu, chifukwa oposa theka la iwo phewa limadzagulukanso. Kubwezera mwana wotere pa bwalo tsiku lomwelo nkumukonzera tsoka.

Palinso kupweteka kwa phewa kumene sikuchokera pa kugwa. Msodzi amene amapalasa ndi kukoka ukonde usiku ndi usiku, minofu inayi ija imaperepeseka pang'onopang'ono. Amamva ululu akakweza mkono kupitirira mutu, ndiponso usiku akagonera mbali imeneyo. Ambiri amangomwa mankhwala oletsa ululu ogula pa golosale nkumapitiriza ntchito. Mankhwalawo amatseka pakamwa pa ululu, koma sachiza chimene chawonongeka, ndipo ena akamwedwa nthawi yaitali amawononga m'mimba ndi impso.

Zoyenera kuchita pa bwalo

Mwana akavulala, chinthu choyamba nkumutulutsa m'bwalo, ndipo asabwereremo tsiku limenelo ngakhale anzake achonderere motani. Chigoli chimodzi sichingagule bondo. Pa malo opweteka paikidwe nsalu yonyowa ndi madzi ozizira, kapena madzi oundana okulungidwa m'nsalu, kwa mphindi 15 mpaka 20, ndi kubwereza pakapita maola angapo. Bondo limangidwe ndi bandeji mosathinitsa, ndipo mwendo ukwezedwe pa chinthu. Ngati ndi phewa, mkono ukolekedwe pa chitenje chomangidwa m'khosi, monga momwe wovulalayo akuugwirira, osaukakamiza kuwongoka.

Pali zizolowezi zathu zina zimene tiyenera kuzisiya. Kuthowa ndi madzi otentha ndi kusisita mwamphamvu m'masiku awiri kapena atatu oyamba kumaonjezera kutupa. Kupatsa wovulala mowa kuti aiwale ululu nkulakwa. Kutema mphini pa bondo lotupa kumatsegulira khomo tizilombo, ndipo kukhoza kubweretsa mafinya m'kati mwa bondo ngakhalenso kafumbata. Sitikunyoza makolo athu amene adasamala anthu kusanabwere zipatala. Tikungonena kuti lero kuli njira yoonera m'kati mwa thupi, ndipo sing'anga wanzeru ndi amene amadziwa matenda oyenera kuwatumiza kwa anzake a ku chipatala.

Wovulala athamangitsidwe ku chipatala tsiku lomwelo ngati akulephera kuponda ndi kuyenda mapazi anayi, ngati chiwalo chapindika kapena chasintha maonekedwe, ngati bondo latupa msangamsanga kapena lakanirira osatheka kuwongoka, ngati dzanja kapena phazi lachita dzanzi, lazizira kapena layera, ndiponso ngati pali bala lozama pafupi ndi mfundo. Mphunzitsi aliyense wa zamasewero azidziwe zizindikiro zimenezi monga momwe adziwira kuwerenga mayina a ana m'kaundula.

Njira ya ku chipatala

Munthu wovulala ku Ngara amayambira ku zipatala zapafupi monga cha Nyungwe kapena cha Chilumba, ndipo zikavuta amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha boma la Karonga. Kupyola pamenepo ndi ku Mzuzu Central Hospital, chipatala chimene chidatsegulidwa m'chaka cha 2000, ndipo kuti akafike ayenera kukwera mapiri a Chiweta. Ku Lilongwe, mtunda wa makilomita opitirira 500 kuchokera ku Ngara, kuli Lilongwe Institute of Orthopaedics and Neurosurgery, chipatala cha mafupa ndi ubongo chimene chidatsegulidwa m'chaka cha 2023 pa Kamuzu Central Hospital ndi thandizo la abwenzi a ku Norway ndi ena. Ku Blantyre kuli Queen Elizabeth Central Hospital, ndiponso Beit CURE International Hospital, chimene chakhala chikuthandiza ana a mavuto a mafupa kuyambira 2002.

Koma msana weniweni wa chithandizo cha mafupa m'dziko muno suli m'mizinda. M'chaka cha 1985, Dr Edward Blair, mogwirizana ndi bungwe la Malawi Against Polio, adayambitsa maphunziro a miyezi 18 osula anthu a zachipatala kuti akhale akatswiri othandiza pa za mafupa, amene pa Chingerezi amatchedwa orthopaedic clinical officers. Pofika m'chaka cha 2008, monga adalembera Pulofesa Nyengo Mkandawire ndi anzake, anthu 117 adali ataphunzitsidwa ndipo 82 mwa iwo adali pa ntchito, pamene madokotala aakulu a opaleshoni ya mafupa m'dziko lonse adali 9 okha. Anthu amenewa ndi amene amagwira gawo lalikulu la ntchito ya mafupa m'zipatala za m'maboma. Amabwezera phewa loguluka, amaika chikhakha pa fupa lothyoka, amachotsa mafinya m'bondo, ndiponso amadziwa wodwala woyenera kutumizidwa patsogolo. Amalawi tiyenera kuinyadira njira imeneyi. Pa za mafizo, College of Medicine, imene tsopano ili mu Kamuzu University of Health Sciences, idayamba kuphunzitsa digiri ya ntchitoyi m'chaka cha 2010.

Motero chithandizo chilipo, ngakhale kuti nchosakwanira ndipo china chili kutali. Vuto limene a zachipatala amalidandaula kawirikawiri nkuchedwa kwa odwala. Phewa loguluka lero limabwezeredwa m'mphindi zochepa. Phewa lomwelo likakhala milungu ingapo lili kunja kwa malo ake, minofu imauma, ndipo limafuna opaleshoni yaikulu imene banja la msodzi silingaifikire mosavuta. Ndalama ya galimoto yopita ku Karonga tsiku loyamba ndi yochepa poyerekeza ndi ulendo wa ku Lilongwe pambuyo pake.

Chitsanzo cha Mwawi Kumwenda

Atsikana athu onse amadziwa dzina la Mwawi Kumwenda, mwana wa ku Mzimba amene adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa mpikisano wa dziko lonse wa mpira wamanja ku Sydney m'chaka cha 2015. M'chaka cha 2018, akusewerera timu ya Melbourne Vixens ku Australia, adaduka mtsempha wa ACL. Adachitidwa opaleshoni, nakhala miyezi yambiri kunja kwa bwalo akuchita mafizo, mpaka adabwerera m'chaka cha 2019. M'chaka cha 2020 timu yake idatenga chikho cha ligi ya dzikolo, ndipo iye ndi amene adasankhidwa kukhala wopambana pa masewero otsiriza.

Nkhaniyi ili ndi maphunziro awiri. Loyamba nlakuti kuvulala bondo si mapeto a zonse ngati munthu walandira chithandizo choyenera nadekha. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ngati katswiri wotere adapirira pafupifupi chaka, mphunzitsi wa ku Ngara alibe chifukwa chobwezera mwana pa bwalo patangotha sabata imodzi. Lachiwiri nlowawa. Mwawi adavulalira kumene madokotala ndi zipangizo zili pafupi. Mtsikana wa luso lomwelo akavulalira pa bwalo la mchenga ku Karonga, kawirikawiri nkhani yake imathera pomwepo, ndipo dziko silidziwa nkomwe chimene lataya. Pachifukwa chimenechi, kwa ife kupewa nkofunika kuposa kwa anzathu a ku Australia.

Kupewa sikufuna ndalama zambiri

M'chaka cha 2006 bungwe la FIFA lidatulutsa ndondomeko yotenthetsa thupi yotchedwa 11+, imene imatenga mphindi 20 ndipo sifuna chipangizo china koma mpira ndi zizindikiro zoika pansi. Muli kuthamanga pang'onopang'ono, kulimbitsa ntchafu ndi mimba, kuima ndi mwendo umodzi, ndi kuphunzira kutera bwino: mawondo opindika pang'ono, osagwera m'kati. Kafukufuku amene adachitika pa atsikana osewera mpira wamiyendo ku Norway, nasindikizidwa m'chaka cha 2008, adaonetsa kuti kuvulala kudachepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu pakati pa amene adatsata ndondomekoyi. Palibe sukulu m'boma la Karonga imene ingati ilibe mphindi 20.

Tsono tikupempha izi. Choyamba, aphunzitsi aakulu aonetsetse kuti bwalo lililonse layenderedwa masewero asanayambe. Zitsa zizulidwe, miyala itoledwe, maenje akwiriridwe, ndipo mitengo ya pa golo izikidwe molimba. Iyi ndi ntchito yodzithandiza imene makolo ndi ana angaimalize m'mawa umodzi.

Chachiwiri, mchitidwe wolowetsa anyamata aakulu m'timu ya ana pofuna chikho uthe. Mwana wa zaka 12 akagundana ndi mnyamata wa zaka 19, wothyoka amadziwika kale. Mphunzitsi wochita chinyengo chotere akuphunzitsa bodza, ndipo akuika moyo wa mwana wa mnzake pa chiswe. Oyimbira mpira nawonso asachite mantha ndi khamu la anthu. Wosewera wochita nkhanza atulutsidwe.

Chachitatu, alangizi a zamaphunziro ndi akuluakulu a zaumoyo pa boma akhale pansi, akonze zoti katswiri wa mafupa wa pa chipatala cha Karonga azikumana ndi aphunzitsi a zamasewero, ngakhale kamodzi pa chaka, kuwaphunzitsa chithandizo choyamba. Bungwe la Malawi Red Cross Society lili ndi luso pa ntchito imeneyi. Sukulu yosula aphunzitsi ya Karonga nayo ionetsetse kuti mphunzitsi asatuluke pa chipata chake asanadziwe kukoleka mkono pa chitenje. Mabungwe a Football Association of Malawi, Netball Association of Malawi ndi Malawi School Sports Association akumbukire kuti akatswiri a mawa ali m'mabwalo a kumudzi.

Chachinayi, onse okonza mipikisano ya zikho m'midzi, kaya ndi amalonda kaya ndi andale, asamangoonetsa ndalama za mphotho. Apatule kangachepe kogulira bokosi la chithandizo choyamba, ndi kena kolipirira galimoto yonyamula wovulala. Mafumu ali ndi mphamvu yokana mpikisano umene sudakonzekere zimenezi.

Chachisanu, sukulu iliyonse isunge kabuku kolembamo mwana aliyense wovulala pa masewero: tsiku, chiwalo, chimene chidachitika ndi kumene adatumizidwa. Akuluakulu a boma sangakonze chimene sakuchiona pa pepala. Ndipo makomiti a m'madoko pamodzi ndi eni mabwato alangize anyamata awo kuti munthu amene wachezera pa nyanja apume mokwanira asanalowe m'bwalo, pakuti minofu yotopa siteteza mfundo.

Dziko lathu lili ndi mbiri yabwino pa zamasewero. Timu ya Flames idatenga chikho cha maiko a kum'mawa ndi pakati pa Afirika m'zaka za 1978, 1979 ndi 1988, ndipo Malawi Queens idamveketsa dzina la dziko lino kutsidya kwa nyanja. Osewera onsewo adayambira pa mabwalo a fumbi onga a ku Ngara. Koma mwa ana chikwi amene akusewera lero, ochepa okha ndi amene adzavale yunifolomu ya dziko. Otsalawo adzakhala asodzi, alimi a mpunga ndi chinangwa, aphunzitsi, anamwino ndi makolo, ndipo onsewo adzafuna mawondo ndi mapewa amphumphu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mphunzitsi amene watulutsa mwana wovulala m'bwalo namuperekeza ku chipatala, ngakhale timu yake igonje tsiku limenelo, watumikira bwino dziko lake.